Mapointi 15 pa moko: kodi za uinjiniya ku Poly ndingalowe?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 pa CDSS ina muno mu Mzuzu. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Ankolo, pa moko ndapeza mapointi 15. Zaulimi 1, bayoloje 2, jogalafe 2, Chingerezi 3, kemisitiri 3, masamu 4, fizikisi 5. Mtima wanga uli pa civil engineering ku Poly. Anzanga akuti ndi 15 ndalowa kale. Amalume anga akuti ndisadzivute, ana akumpoto kota imawadya. Kusukulu kwathu labu ilipo dzina lokha. Ndiuzeni zoona."

Mwanawe, zoona ndikuuza. Anzakowo akukunamiza mosadziwa, ndipo amalume akukamba nkhani yakale.

Tiyambe ndi 15 yakoyo. Mapointi a MSCE amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa, ndiye kwa iwe aphatikiza zaulimi, bayoloje, jogalafe, Chingerezi, kemisitiri ndi masamu. Waona chomwe chachitika? Fizikisi yatsala kunja. Phunziro lomwe injiniya amadyerapo tsiku ndi tsiku silinalowe n'komwe m'nambala yomwe anzako akuimbira m'manja. Masamu alowa, koma ndiwo akukoka kumbuyo. Nambalayo yakongola chifukwa cha zaulimi ndi jogalafe, pomwe osankha ana a uinjiniya maso awo amathamangira pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri, kuphatikizapo Chingerezi chomwe chimafunika paliponse. Pamenepo iwe uli ndi 4, 5, 3 ndi 3. Onsewo ndi makirediti, inde, pakuti kirediti imayambira 3 kulekeza 6. Koma amene mukukalimbirana nawo malo a civil engineering ambiri amabwera ndi 1 ndi 2 pa masamu ndi fizikisi. Mwana wa mapointi 17 amene ali ndi disitinkishoni pa masamu ndi fizikisi ndimamuona kuti ali pabwino kukuposa.

Ambiri amasokoneza kuyenera kufunsira ndi kusankhidwa. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi amangokupatsa chilolezo chodzaza fomu ya NCHE, bungwe lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira ku mayunivesite aboma. Kuchoka apo ndi mpikisano. Pologalamu iliyonse ili ndi malo owerengeka, ofunsira amandandalikidwa kuyambira wokhoza koposa, ndipo malo akatha mzere umadulidwa pomwepo. Polekezera pamasuntha chaka ndi chaka malinga ndi mmene ana akhozera komanso angati afuna pologalamuyo. N'chifukwa chake ukamva wina pa WhatsApp akulumbira kuti "civil amatenga olekeza mapointi akuti", dziwa kuti akunena za mchimwene wake amene analowa chaka china.

Ndiye mwayi wako ndi wotani? Zotsatira zenizeni zikatuluka ngati za mokozi, ndinganene kuti civil ya ku Poly ndi yokayikitsa, koma uinjiniya wonse sunakutsekere. Ukatsitsa masamu kufika 2 ndi fizikisi kufika 2 kapena 3, nkhani yasinthiratu. Ndipo moko si MANEB. Aphunzitsi ena amaumitsa dala moko kuti ana adzidzimuke, ena amafewetsa. Ntchito yake n'kukuonetsa pamene pakudontha.

Za kota tsopano. Amalume sakupeka, kasankhidwe kogawa malo potengera maboma kanalipodi, ndipo kuno kumpoto kanasiya zilonda m'mabanja ambiri, ana okhoza bwino atatsalira pakhomo. Koma boma linalengeza kuti kota yatha mu February 2020. Polengeza pomwepo linati lipitiriza kupereka mpata wapadera kwa atsikana, ophunzira aulumali ndi achialubino. Iwe pokhala mtsikana wofuna uinjiniya, kumene atsikana akadali ochepa, mphepo ikuwombera kumbali yako. Usagonerepo ayi, pakuti atsikana a masukulu ogonera konko monga Marymount nawonso akufuna malo omwewo, ndipo sakusewera. Amalume uwayankhe mwaulemu, mwina nawo zinawakhudza.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa miyezi yatsalayi. Uli ndi chizolowezi chomwe ana ambiri anzeru ali nacho: kuwerenga phunziro lomwe limakukoma. Zaulimi zili pa 1, sizingatsikenso. Bayoloje ikachoka pa 2 kufika pa 1 mapointi akongola, koma ku uinjiniya sunasunthe. Nthawi yako yabwino, ya m'mamawa mutu usanatope, ipatse masamu ndi fizikisi. Nanga masamu amawerengedwa ngati notsi za jogalafe? Amafuna pensulo ndi pepala. Peza mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo, khala pansi ndi wotchi, lemba pepala lonse osasuzumira mayankho, kenako udzichongere mopanda chisoni. Pa funso lililonse lomwe walakwa lemba pambali chifukwa chake: sindinadziwe njira, ndinasokoneza chizindikiro cha kuchotsera, nthawi inandithera. Pakatha mapepala angapo uona kuti zolakwa zako n'zomwezomwezo. Ana opeza 4 pa masamu kawirikawiri amawadziwa masamuwo, koma amataya malikisi pa zinthu zochepa: ma circle theorem amene amawaloweza osawamvetsa, trigonometry ikabwera ngati nkhani ya munthu woima patali ndi mtengo, ma logarithm, ndi linear programming pamene ayenera kusandutsa chiganizo cha Chingerezi kukhala inequality. Chinanso, onetsa njira yonse. Wochonga amapereka malikisi pa sitepe iliyonse, ndiye yankho lolakwika lokhala ndi njira yooneka limapindula kuposa yankho loti lagwa kumwamba.

Za labu zandikhudza, chifukwa fizikisi ya 5 ija mwina gwero lake n'lomweli. Pali mayeso a pulakitiko, ndipo tsiku la mayeso lisakhale tsiku loyamba kugwira burette, kachubu kagalasi kokhala ndi kampopi koyezera madzi a mankhwala. Titration, kudontheza mankhwala a mu burette m'mankhwala ena a mu flask mpaka mtundu utasintha, papepala imaoneka yophweka. Ukaima patebulo ndi pomwe umazindikira kuti dzanja lamanzere liyenera kugwira kampopi, lamanja likuzunguza flask, ndipo dontho limodzi lokha ndi lomwe limachotsa mtundu wa pinki wa madzi a mu flask, ukaphethira wapitirira. Powerenga muyezo diso likhale molingana ndi pansi pa pamene madziwo apindikira pamwamba pake, osati kuyang'ana uli chiimire. Ku fizikisi nako, ammeter imalowa mu mzere wa seketi pomwe voltmeter imakhala mopingasa pa chinthu chomwe ukuyeza, ndipo ana ambiri amatembenuza ziwirizi manja akamanjenjemera. Galafu ijambule ndi pensulo yosongoka, ulembe mayunitsi mbali zonse ziwiri, ndipo idzaze pepala, isakhale kakang'ono pakona. Musonkhane anzanu ochepa amene muli ndi cholinga chimodzi, mupemphe aphunzitsi anu a sayansi kuti akalankhule ndi anzawo a sukulu yapafupi yokhala ndi zipangizo, mukayeseze Loweruka. Aphunzitsi a mumzinda muno amadziwana, ndipo pempho lochokera kwa mphunzitsi mnzawo limamveka msanga kuposa la mwana wobwera yekha pageti.

Ngati sunatenge Additional Mathematics, usayambe kuyithamangira pano. Imathandiza chaka choyamba ku koleji, koma nthawi yatsalayi ndi ya masamu wamba.

Tsopano fomu ya NCHE. Apa ndi pomwe ana okhoza bwino amadzipweteka okha. Umaloledwa kusankha mapologalamu angapo motsatana, ndiye wina amadzaza mizere yonse ndi mapologalamu omwe aliyense akuwalimbirana, onse n'kumukana. Kuli ngati kudzala munda wonse mbewu imodzi chaka cha mvula yokayikitsa. Ika civil pamwamba, palibe choletsa, koma m'munsimo muikemo zomwe magiredi ako enieni angafikire.

Ndipo uinjiniya si Poly yokha. Poly yomweyo, yomwe kuyambira 2021 dzina lake ndi MUBAS, ili ndi nthambi zambiri kupatula civil: zamagetsi, zamakina, zamigodi, za miyala ya pansi pa nthaka, za zipangizo zam'chipatala. Maphunziro ake ndi a zaka zisanu, uwauziretu akunyumba. MUST ya ku Ndata ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ndi chemical engineering, biomedical engineering ndi za zitsulo. Kemisitiri yako ndi bayoloje zikulozera kumeneko kuposa mmene ukuganizira. LUANAR ku Bunda ili ndi uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira. Ana amaunyoza poganiza kuti ndi khasu, chonsecho mkati mwake muli madamu, ngalande, mapaipi ndi mapampu, zomwe ndi msuweni weniweni wa civil. Ndi 1 wako wa zaulimi ndingadabwe utaisiya. Ndiye pali Mzuni pa Luwinga pompa, yomwe ana a mu Mzuzu amaidutsa pa kabaza maso ali ku Blantyre: ili ndi maphunziro a mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi, za kasamalidwe ka madzi, ndi zoyeza malo. Kuphunzira ukugona kwanu ku Chibavi kapena ku Zolozolo si chinthu chochepa ukaganizira za lendi ndi chakudya ku Blantyre. Ngongole ya boma ya ophunzira, ya bungwe la HESLGB, imafunsiridwa payokha ukasankhidwa, ndipo si onse ofunsira amaipeza.

Dzifunsenso chomwe chimakukoka ku civil. Ngati ndi misewu ndi milatho, monga msewu wokhotakhota wa ku Chiweta uja, gwiritsitsa. Ngati ndi madzi, monga damu la Lunyangwa lomwe timamwa muno, njira zofikira kumeneko ndi zingapo. Kumpoto kuno kulinso magetsi a pa Wovwe, malasha a ku Mchenga ndi mgodi wa Kayelekera, ndipo konseko kumafunika mainjiniya amitundumitundu.

Zikakanika chaka chino, njira ziwiri zilipo. Yoyamba ndi kubwereza kuti ukonze masamu ndi fizikisi. Usanalipire kulikonse, werenga chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho uone zomwe akunena za olemba kawiri komanso za zaka zomwe satifiketi ikuloledwa, chifukwa malamulowa amalembedwa momwemo. Yachiwiri ndi sukulu zaluso za pansi pa TEVETA, monga Mzuzu Technical College. Ena amaziona ngati kogwera olephera, ine ayi. Munthu amene wayamba ndi zomangamanga kapena zamagetsi, n'kupeza dipuloma, n'kugwirako ntchito, amatha kudzalowa digiri kudzera pa khomo la mature entry, lolowera anthu amene ali kale ndi dipuloma ndipo agwirapo ntchito, ndipo pa saiti amisiri samunamiza za kasakanizidwe ka simenti. Njirayi ndi yaitali ndipo fizi umadzilipirira, koma ilipo.

Sabata ino yamba ndi pepala limodzi la masamu ndi limodzi la fizikisi. Ukadzichongera unditumizire mndandanda wa mafunso omwe wagwa ndi zifukwa zake, tione pamodzi poyambira.