Funsani Azakhali: Kodi chamba chikundithandiza kapena ndangozolowera?

FUNSO: Azakhali moni. Chaka chatha ndinachita ngozi ya galimoto, mnzanga amene ndinakhala naye pafupi anafera pompo ine ndikuona. Chichitikireni zimenezo tulo sitibwera, ndikangoti tseke maso ndimalota ngozi yomweyo, ndikamva mabuleki akulira thupi lonse limanjenjemera. Nde ndinayamba kusuta chamba usiku ndipo sindinama chimandigonetsa. Akazi anga akuti ndalowerera, ine ndikuti ndi mankhwala. Pali njira yoyezera kuti tidziwe akunena zoona ndani? Ndine Wosowa Tulo.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene pa zomwe munaona, pepaninso chifukwa cha mnzanuyo. Maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kaphokoso, kupewa chilichonse chokukumbutsani tsikulo, zimenezi zikapitirira mwezi nkumasokoneza moyo madokotala amazitcha PTSD, ndipo woti atsimikize kuti ndi zomwezo ndi dokotala atakuonani maso ndi maso.

Njira yoyezera ilipo. Ambiri amathamangira kuwerenga ndudu, koma ndudu zokha zimanamiza chifukwa chamba sichifanana mphamvu, THC amene amaledzeretsa uja akhoza kuchuluka mu ya lero kuposa ya dzulo ngakhale zikuoneka zofanana kukula. Nchifukwa chake ofufuza anakhazikitsa muyezo wa 5 mg wa THC, umene bungwe la NIDA lofufuza za mankhwala ozunguza bongo ku America linayamba kugwiritsa ntchito mu 2021, koma inu kunyumba mulibe poyezera zimenezo nde werengani masiku omwe mwasuta pa sabata ndi kangati pa tsiku, basi.

Chomwe ine ndikufuna muyeze kwambiri ndi chifukwa chomwe mwayatsira. Mu 1998 wofufuza wina dzina lake Simons ndi anzake anakonza mafunso otchedwa Marijuana Motives Measure, amagawa zifukwa zosutira pasanu: kusangalala, kucheza, kutsatira anzako, kufuna kuona zinthu mwatsopano, ndi kuthawa zowawa za mumtima. Chomalizachi ndi chomwe kafukufuku wakhala akuchipeza mobwerezabwereza kuti chimayendera limodzi ndi kulowerera, ndipo mmene mwalembera kalata yanu inu muli pamenepo.

Chitani chonchi. Tengani kabuku kapena mulembe mufoni, nthawi iliyonse musanayatse lembani nthawi yake, chomwe changochitika kumene (mwalota? mwadutsa pamsewu? mwangoopa kuti usiku wafika?), kenako mupatse vutolo nambala kuyambira 0 (palibe vuto) mpaka 10 (lafika poipitsitsa). Pakatha ola limodzi lembaninso nambala, mawa mmawa mulembenso. Nambala ya mmawayi musaidumphe chonde, ndi imene ili ndi nkhani yonse. Usiku omwe simunasute lembaninso chimodzimodzi kuti mukhale ndi pofananizira. Muchite zimenezi kwa mwezi wathunthu osadzinamiza, kabukuko si ka polisi ndi kanu.

Ndikulimbikira za mmawa chifukwa chiyani? Ofufuza a ku Washington State University anaunika mu 2020 zomwe anthu pafupifupi 400 omwe amati ali ndi PTSD ankalemba pa apu ya pafoni asanasute ndi atasuta. Atangosuta, anthuwo ankati mavuto atsika kuposa theka, nde simukunama mukamati chimakugonetsani. Koma miyezi ikupita, mavuto omwe ankakhala nawo asanayatse sanatsike ayi, anali pomwepo. Zili ngati kutseka bala ndi nsalu osalitsuka, maso sakuliona koma mkatimo likadalipo.

Za malotozo pali chifukwa chake. THC amachepetsa gawo la tulo lotchedwa REM, lomwe munthu amalota kwambiri, nde maloto oopsa amaoneka ngati atha. Tsiku lomwe mwasiya, gawo lija limabwerera ndi mphamvu, maloto amakhala oopsa kuposa kale, kuonjezera chibaba, kukwiya msanga ndi kusowa chilakolako cha chakudya, izi zimayamba pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, zimafika pachimake sabata yoyamba ndipo zambiri zimazilala pakatha masabata awiri ngakhale tulo timatha kuchedwerapo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amakodwa, amati mwaona popanda chamba ndikufa, chonsecho mbali ina ndi thupi lomwe likufuna chomwe linazolowera. Mukabuku muja muone ngati mlingo ukukwera, ngati mwayamba kusutanso masana, ngati nambala ya mmawa yangoima kapena ikukwera. Zikatero akazi anu aona chinthu chenicheni.

Pali mafomu awiri omwe mungafunse kuchipatala ngati ali nawo. PCL-5 ili ndi mafunso 20 a zizindikiro za PTSD, lililonse mumayankha 0 mpaka 4, zonse pamodzi zimafika 80, ndipo mukamaibwereza mumaona ngati mukuchira. CUDIT-R ili ndi mafunso 8 a kasutidwe ka chamba pa miyezi 6 yapitayi, mukapeza 8 kapena kuposa ndi chenjezo. Buku la madokotala la DSM-5 lili ndi zizindikiro 11 za kulowerera chamba, ziwiri zokha mkati mwa chaka chimodzi nzokwanira kuti dokotala anene kuti vuto layamba.

Ine maganizo anga ndi oti chamba si mankhwala a PTSD, ndipo malangizo a 2023 a VA ndi DoD, maunduna a boma la America omwe amasamalira asilikali ambiri ovutika chonchi, amanena kuti chisagwiritsidwe ntchito pa matendawa. Zomwe zili ndi umboni ndi chithandizo cholankhulana cholunjika pa ngoziyo monga Prolonged Exposure, Cognitive Processing Therapy ndi EMDR, ndipo musadikire kuti musiye kaye chamba ndiye mupite, mavuto awiriwa amathandizidwa limodzi. Kabuku kaja mukatenge popita, ndipo ngati mungathe akazi anu akuperekezeni chifukwa iwo ndi amene amakuonani usiku mukubwebweta. Mukayamba kumva mawu omwe ena sakumva, kukayikira aliyense kuti akukuchitani chiwembu, kapena kuganiza zodzipha, musadikire mwezi wa kabuku, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.