Kodi reinforcement ndi zitsulo kapena ndi kuyamikira mwana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, amene akuphunzira zauphunzitsi kwinaku akumanga nyumba ku Luwinga. Anafunsa motere: "Mmisiri wanga akuti ndipereke ndalama za reinforcement tisanathire ring beam. M'kalasinso akutiuza kuti mwana akayankha bwino tizimupatsa reinforcement. Kodi ndi mawu amodzi omwewo? Nanga pa Chichewa tingati chiyani?"

Mayi, ndi amodzi omwewo. Pakati pake pali force, kutanthauza mphamvu, ndipo kutsogolo kuli re, kamene kamasonyeza kubwereza kapena kuwonjezera. Ndiye nkhani yake ndi yowonjezera mphamvu pa chinthu chimene chilipo kale kuti chisafooke. Ife timati kulimbitsa. Asilikali nawonso amawagwiritsa ntchito: gulu likachepekedwa pankhondo, anzawo obwera kudzalithandiza amatchedwa ndi mawu omwewa.

Tiyambe ndi mmisiri wanuyo, poti kumeneko n'kumene kukupita ndalama. Iye akunena zitsulo zoika m'kati mwa konkire. Konkire imapirira kwambiri ikamapsinjidwa, koma ikamakokedwa kapena kupindidwa imang'aluka msanga. Chitsulo ndicho chimapirira kukokedwa. Taganizirani konkire ya pamwamba pa windo: njerwa zikamailemera imafuna kupindikira pansi, ndipo mbali imene imakokeka ndi ya m'munsi. N'chifukwa chake zitsulo za m'munsizo n'zimene zimagwira ntchito yaikulu. Chinanso chabwino n'chakuti kukatentha, chitsulo ndi konkire zimafutukuka pafupifupi mofanana, choncho sizilekana. Mmodzi mwa anthu oyamba kuchita zimenezi anali Joseph Monier, wosamalira maluwa wa ku France, amene mu 1867 analembetsa ku boma luso lake loika waya m'miphika ya simenti yodzalamo mitengo.

Mukamva akuti Y12, akunena chitsulo chamizeramizera chonenepa mamilimita 12. Timizerato timathandiza kuti konkire igwire bwino. R6 kapena R8 ndi tizitsulo tosalala timene amapinda kukhala mphete zomangira zitsulo zikuluzikuluzo. Ring beam, konkire yozungulira nyumba chakumtunda kwa makoma ija, imamanga makoma onse pamodzi ngati lamba, ndipo amene akukumbukira mmene nyumba za njerwa zinang'alukira ku Karonga pa zivomezi za mu Disembala 2009 sangaione ngati yongokometsera nyumba.

Chonde mudzapiteko nokha asanathire konkire. Ndinaonapo nyumba ina kuno imene zitsulo anangozigoneka pa matabwa a pansi, osaikapo timiyala kapena tizidutswa ta simenti toti zikwere pang'ono. Atachotsa matabwa, zitsulo zinkaonekera ngati nthiti. Patangopita madzinja awiri, mizere ya dzimbiri inali itatsika pakhoma, konkire n'kuyamba kugamphuka. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kuphwanya konkire kuchokera m'kati, ndipo mvula yamawawa ya Mzuzu siichedwa kupeza mpata. Chimafunika chikutidwe ndi konkire mamilimita pafupifupi 25 mbali zonse. Zimandipweteka kwambiri kuona munthu atagula zitsulo zodula chonchi, n'kuzitaya chifukwa cha timiyala tongotola.

Tsopano za m'kalasi. Mawuwa anatchuka ndi B. F. Skinner, katswiri wa ku America wa zakhalidwe, amene m'zaka za m'ma 1930 ankaika khoswe m'bokosi lokhala ndi kachitsulo. Khosweyo akakadinikiza, chakudya chinkagwa, ndipo ankayamba kudinikiza kawirikawiri. Chilichonse chimene chimabwera munthu akachita kanthu, n'kuchititsa kuti kanthuko azikachitanso, ndicho reinforcement. Chimene chikulimbitsidwa apa ndi khalidwe. Ngati mwawombetsa m'manja koma mwanayo mawa osakwezanso mkono chifukwa cha manyazi, ndiye kuti simunalimbitse kanthu, ngakhale munali ndi cholinga chabwino.

Pamene ambiri amaphonya, ngakhale pa mayeso, ndi pa positive ndi negative. Amaganiza kuti negative reinforcement ndi chilango. Ayi ndithu. Chilango cholinga chake n'kuchepetsa khalidwe, pamene reinforcement ya mtundu uliwonse imalikulitsa. Positive ndi kupereka chinthu chokoma, negative ndi kuchotsa chinthu chosautsa.

Pitani mumsika waukulu Loweruka m'mawa muone. Mwana waona mandasi, wayamba kulira, wakhala pansi m'matope, anthu akuyang'ana. Mayi ake akumasula kansonga ka chitenje, kutulutsa ndalama, kugula. Mwana watonthola nthawi yomweyo. Pamenepo anthu awiri aphunzira. Mwana waphunzira kuti kulira kumabweretsa mandasi, imeneyo ndiyo positive. Mayi aphunzira kuti kugula kumachotsa phokoso ndi manyazi, imeneyo ndiyo negative. Loweruka linalo onse awiri adzachita zomwezo, mwachangunso kuposa lero. Ndipo mayiwo akamagula masiku ena, masiku ena osagula, kulirako kumalimbiratu, chifukwa Skinner anapeza kuti mphotho yobwera mwa apo ndi apo imapanga khalidwe lovuta kulithetsa. N'chimene chimagwira anyamata athu obetcha mpira pa foni: kupambana kamodzi kumawakwanira kuti aluze kakhumi osasiya.

Ine maganizo anga ndi akuti m'makalasi athu odzaza timalimbitsa zolakwika osadziwa. Wolongolola ndi amene mphunzitsi amamutchula dzina kasanu pa tsiku, pamene kamtsikana kolemba mwakachetechete kumbuyo kamatha teremu yonse osatchulidwa. Kwa mwana wofuna kuonedwa, ngakhale kukalipiridwa kumakhala mphotho. Mukayamba kuphunzitsa, yamikirani nthawi yomweyo, ndipo tchulani chimene wachita. Kungoti "wakhoza" sikumuuza mwana choti abwereze. Nenani kuti, "Wachita bwino kuonetsa njira yonse usanalembe yankho." Ndikhulupirira kuti mwaona kale ana ena amene kuwomberedwa m'manja kumawachititsa manyazi. Oterewa ingopitani pa desiki yawo, muwauze chapansipansi, kapena lembani mawu awiri m'kope mwawo.