Malamulo ndi College of Medicine ndi masukulu awiri osiyana

Achimwene, mwafunsa ngati College of Medicine inayambira ku Malamulo kwathu kuno ku Thyolo. Ayi ndithu. Ku Malamulo, pa Makwasa, a Seventh-day Adventist anakhazikika mu 1902, ndipo koleji yawo imaphunzitsa anamwino, ma clinical officer ndi ogwira ntchito mu labotale. Tisaipeputse, odwala ambiri kumidzi kuno amathandizidwa ndi anthu amene anadutsa pamenepo.

College of Medicine, sukulu ya madokotala, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 pansi pa University of Malawi, ophunzira n'kumazolowera ntchito pa chipatala cha Queens. Kale ofuna kuphunzira udokotala ankatumizidwa kunja, ena osabwerako. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ngati mwana wanuyo akufuna digiri ya udokotala, njira yake ndi imeneyo.