Oatgrass kapena magnolia pamalo aang'ono

Achimwene, mwafunsa kuti pabwalo panu popeza mpapang'ono mubzalepo chani, oatgrass kapena magnolia. Ine ndikuti oatgrass basi, womwe ndi mtundu wa udzu wokongoletsa pakhomo.

Magnolia ndi mtengo weniweni, makamaka uja wa Magnolia grandiflora wochokera kummwera chakummawa kwa America, umatha kupitirira mamita 20 ndipo mizu yake imayenda pamwambamwamba, ndi yofewa, ukangoikhapa ndi khasu mtengo umadwala, komanso sufuna kumangosamutsidwasamutsidwa ayi. Maluwa ake eeh ndi okongoladi, oyera, akulu ngati mbale, fungo lake mpaka kuseli kwa nyumba, koma mukabzala njere mudikira zaka 10 kapena kuposa musanaone duwa, bola kugula mbande yomezanitsa kale. Ndiye masamba ake ndi okhuthala, akagwa sawola msanga, mumangosesa daily daily, pansi pake kapinga samera bwino chifukwa cha mthunzi.

Oatgrass wabuluu uja, Helictotrichon sempervirens, amangopanga chitsamba chozungulira cha masentimita ngati 60, sayanga. Amafuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi, mukamuika podikha madzi amawola pakati, ndipo kotentha kwambiri kwachinyezi amavutika. Masamba ouma mumangowapesa ndi zala, pakatha zaka zitatu kapena zinayi mumazula nkugawa. Pogula muonetsetse dzina, pali wina wamtali Arrhenatherum elatius amene amafalikira mpaka kusanduka tchire.

Ngati mtima uli pa magnolia ndithu, funsani mtundu waung'ono wa Little Gem, muubzale kutali ndi khoma.