Bambo atuluka m'chipatala, koma akutsegula m'mimba

Mlongo wina wandilembera kuti bambo ake atuluka m'chipatala atabayidwa ceftriaxone, mankhwala opha tizilombo ta bakiteriya, tsopano akutsegula m'mimba kasanu pa tsiku. Akufunsa ngati awagulire Imodium, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Ayi mlongo wanga, musagule. Kalata yanu yandilasa mtima chifukwa zimenezi ndinaziona ndi azakhali anga.

Iwo anagonekedwa ndi chibayo, anachira, tinabwera nawo kunyumba tikusangalala. Sabata isanathe chimbudzi chinayamba kutuluka chamadzimadzi, cha fungo loipa kwambiri, m'mimba mukupotokola. Usiku ndowa inkagona pafupi ndi mphasa, m'mawa chingwe chodzaza zitenje zochapa. Achibale ena ankati ndi madzi a pachitsime, ena ankaloza usipa. Azakhali anafika polephera kunyamula kapu ya tiyi. Dokotala wina ndiye anafunsa chimene tonse sitinachiganizire: amwa mankhwala anji posachedwapa? Kenako anatchula kachilombo kotchedwa Clostridium difficile, kamene kuyambira 2016 akatswiri amakatcha Clostridioides difficile.

M'matumbo mwathu mumakhala tizilombo tabwino tambirimbiri. Mankhwala monga ceftriaxone, ciprofloxacin, clindamycin ngakhale amoxicillin sasankha, amapha tabwinoto pamodzi ndi toipa. Pamenepo kachilomboka kamapeza malo, kamachulukana n'kumatulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Amene ali pangozi kwambiri ndi okalamba opitirira zaka 65, ogona nthawi yaitali m'chipatala ndiponso omwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona makapisozi akugulitsidwa pamsika ngati maswiti. Mwana wayamba chimfine, amayi athamangira amoxicillin, chonsecho chimfine chimayamba ndi vairasi yemwe mankhwalawa samukhudza n'komwe. Ogulitsawo akufuna ndalama, ndikumvetsa, koma akusewera ndi matumbo a anthu. Ifenso timachoka kuchipatala tikudandaula ngati sanatibaye jakisoni. Khalidwe limeneli lithe basi.

Tsono muchite chiyani

Bwererani ndi bambo anu kuchipatala, muwauze madokotala dzina la mankhwala amene bambowo analandira, mupemphe kuti ayeze chimbudzi. Imodium imatsekera poizoni m'matumbo, matenda n'kukula. Apatseni madzi a ORS pafupipafupi. Akapezeka nako, dokotala amasiyitsa mankhwala oyambitsawo ngati n'kotheka, n'kupereka vancomycin yakumwa kapena fidaxomicin masiku 10. Kumene awa kulibe amapereka Flagyl. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 matendawa amamubwereranso, choncho musadabwe.

Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi, chifukwa sanitaiza sapha njere za kachilomboka. Chimbudzi ndi ndowa muzitsuka ndi Jik. Mukaona thupi latentha, mimba yatupa kapena magazi m'chimbudzi, musadikire kuche, pitani nawo usiku womwewo.