Musanalembetse uvolontiya ku hockey ya ana kuno ku Canada, werengani kaye izi

Mlamu wanga wangofika kumene ku Winnipeg, mwana wake wa zaka 8 walowa timu ya U9 (ya ana osakwana zaka 9), ndiye akuti atumiziridwa fomu yofunsa makolo amene angathandize ngati kochi, manijala kapena trainer (woyang'anira chitetezo ndi kuthandiza ovulala), funso lake nkumati kodi alembetse, nanga pamakhala kangachepe? Sabata yomweyo ndamvanso za mnyamata wina wa kwathu amene anatumiza ndalama kwa munthu wa pa WhatsApp atamulonjeza malo a assistant coach pamodzi ndi work permit. Ndalama zinapita, nambala sikupezekanso. Zandipweteka kwambiri, ndiye ndati ndilembe kuti nonse obwera kumene mumve.

Choyamba. Makochi, mamanijala ndi ma trainer a matimu a ana ambiri ndi makolo ongodzipereka, salandira kanthu, kupatula matimu ochepa apamwamba kwambiri ndipo kumeneko sakatenga munthu amene sanavalepo ma skate. Aliyense wokuuzani kuti lipirani ndikupezereni malo oterewa ndi wakuba basi. Maola a uvolontiya sawerengedwa ngati work experience ku Express Entry, njira ya boma yofunsira permanent residence, kumeneko amafuna ntchito yolipidwa. Ndipo amene akukulipiritsani pa nkhani za immigration akhale loya kapena consultant wolembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, dzina lake mutha kulifufuza nokha pa intaneti musanatulutse ngakhale dola imodzi. Chomwe uvolontiya ungakupatseni ndi anthu okudziwani omwe mawa angakulembereni reference, chimenecho nchachikulu koma si mapepala.

Chachiwiri ndi chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse. Kwathu tinakula ndi zoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukamuona akuvutika umamutenga, umamukwezamo m'galimoto, umamugulira kachakudya. Mtima umenewo ndi wabwino koma kuno mukaugwiritsa ntchito osaganiza ukulowetsani m'mavuto akulu. Pali lamulo lomwe amati Rule of Two, kutanthauza kuti wamkulu asapezeke yekha ndi mwana yemwe si wake, mu dressing room mukhale akuluakulu awiri omwe anafufuzidwa kale. Mwana akatsala yekha makolo ake achedwa, musati tiye ndikakutule, itanani mnzanu mudikire limodzi pamalo poonekera. Osamulembera mwana meseji payekha, zonse zidutse kwa kholo kapena pa gulu. Foni mu dressing room ikhale m'thumba, kujambula ayi ngakhale ana akuimba kuti apambana. Ndipo eni malamulowa musawaone ngati okokomeza, anthuwa anapwetekedwapo. Sheldon Kennedy, yemwe anasewerapo mu NHL, ligi yaikulu ya hockey, anaulula poyera za nkhanza zomwe kochi wake Graham James anamuchita ali wachinyamata, ndipo James anamangidwa mu 1997. Kennedy yemweyo ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa maphunziro a Respect in Sport omwe muzachite pa kompyuta musanakhale pa benchi, alipo a kholo alipo a staff, musasokoneze awiriwa. Kenako ku polisi kukatenga criminal record check yokhala ndi vulnerable sector check, kafukufuku wapadera wa anthu ogwira ntchito ndi ana. Pena amakuitanani kukadinda zala chifukwa tsiku lanu lobadwa langofanana ndi la munthu wina wa mlandu, musachite mantha koma dziwani kuti zikatero zimachedwa, ndiye yambani mu August chifukwa September ana amakhala akuyesedwa kale kuti agawidwe m'matimu.

Pa ndalama ndiye ndili ndi mawu. Akakusankhani umanijala kapena usungichuma wa timu, ndalama ya makolo isalowe mu akaunti yanu ngakhale tsiku limodzi, tsegulani akaunti ya timu ya anthu awiri osaina, risiti iliyonse jambulani, ndipo mwezi ndi mwezi tumizani lipoti kaya afunsa kaya sanafunse. Ine chaka chomwe ndinali manijala tinazungulira m'makomo kutolera mabotolo kukuzizira koopsa, zala osazimva, ndalama ndinaziwerenga pamaso pa anthu nkukaika ku banki tsiku lomwelo, koma mayi wina analemba pa gulu lonse kuti ziwerengero sizikumukhutiritsa ndipo akufuna wina aonenso. Manijala wa chaka cham'mbuyo palibe anamufunsapo risiti, ndinafufuza. Ndinatumiza zonse, tambala iliyonse inalipo, mpaka lero mayiyo sananene kuti pepani, timangodutsana pa khomo la rink. Sindikunena kuti onse ali choncho, makolo ambiri ndi abwino zedi, koma inu ndi ine timayang'anidwa kawiri, ndiye pepala likhale lokuyankhulirani.

Chachinayi, nthawi. Ma association ambiri, mabungwe oyendetsa hockey ya ana m'dera, amafuna musiye cheke ya volunteer deposit polembetsa mwana, mukapanda kukwanitsa maola anu amakaitapa. Ndiye ngati muli pa shifiti ya usiku ku warehouse kapena ku care home musavomere udindo waukulu chifukwa cha manyazi, ma practice ena amakhala 6 koloko m'mawa Loweruka, sizoni imayambira October mpaka March, kuphatikiza ma tournament akutali omwe hotela ndi mafuta mumalipira nokha. Nenani poyera kuti ine ndingathe masiku awa okha, ndipo maola mukagwira onetsetsani kuti alembedwa.

Za ukochi weniweni, ngati simutha kuyenda pa ayisi musakakamire. Pamafunika kosi ya Hockey Canada, Coach 1 kapena Coach 2 malinga ndi msinkhu wa ana, ndi chipewa chovomerezeka ndi CSA, bungwe loyesa chitetezo cha zida, nthawi zonse mukalowa pa ayisi. Yambani ndi kuyendetsa wotchi ya masewero, kulemba zigoli ndi ma penalty, kusamala majezi, pamenepo ndi pomwe mungaphunzire msanga malamulo a masewero monga icing ndi offside. Pemphani akuonetseni makinawo tsiku la practice chifukwa pa gemu wotchi ikachedwa kuima makolo amakuwa ndithu.

Amene munali anamwino kapena ma clinical officer kumudzi akakukokerani ku u trainer, ndipo mungathandize kwambiri, koma satifiketi yanu siilowa m'malo mwa kosi yawo ya safety, ichiteni. Mwana akagunda mutu nkumati chizungulire, mutulutseni asabwererenso tsiku limenelo, bambo ake kaya kochi akakuuzani kuti ali bwino ndi wolimba, inu kanani. Ku Ontario zinafika mpaka pokhala lamulo la boma mu 2018, Rowan's Law, mtsikana wa rugby wa ku Ottawa atamwalira chifukwa chosewerabe atavulala m'mutu. Lembani lipoti la ngoziyo tsiku lomwelo ndipo kope imodzi sungani inuyo.

Fizi ndi zovala zikakukulirani, lembani ku KidSport kapena Jumpstart ya Canadian Tire, amathandiza mabanja opeza zochepa, ndipo funsani manijala ngati association ili ndi zida zakale zobwereketsa musanathamangire ku sitolo.