Mwana akungopaka chekeni chakuda, kodi ndide nkhawa?

Mayi ena a kufupi ndi Muloza ku Mulanje anditumizira imelo. Akulera mwana wa malemu mng'ono wawo, mayi amene anakokoloka ndi madzi pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Nthawi imeneyo mwanayo anali ndi zaka 4 ndipo sanalire kwenikweni. Pano ali Sitandade 2, wayambanso kukodza pogona, ndipo mitambo ikangoda kuphiri amakakamira chitenje chawo. Aphunzitsi anawalangiza kuti amugulire chekeni ndi mapepala, iwo anakagula ku Limbuli. Koma mwana akungopaka chakuda, pepala lonse bii. Akufunsa kuti: "Kodi zikumuthandiza, kapena ndikungomukumbutsa zomwe anaiwala kale?"

Mayi, mwanayo sanaiwale. Mwana wa zaka 4 sadziwa kuti womwalira sabwereranso, amaona ngati munthu wapita kumsika. Nzeru zoti imfa ilibe pobwerera zimayamba kukhazikika pakati pa zaka 5 ndi 7. Ndiye kwa iye maliro aja akumufika tsopano, pamene inu akuluakulu munalira kale n'kupukuta misozi.

Za mtundu wakudawo musataye nazo tulo. Anthu ena amakonda kumasulira kuti chakuda ndi chisoni, chofiira ndi mkwiyo, ngati akumasulira maloto. Ine sindigwirizana nazo. Ana ambiri amasankha chakuda chifukwa ndi chimene chimaoneka bwino papepala, chachikasu chimachita kusowa. Tanthauzo la chithunzi amalidziwa ndi mwini wake, ndipo njira yolidziwira ndi kumufunsa.

Phindu la chekeni lili apa. Ana athu tinawaphunzitsa kusayang'ana wamkulu m'maso. Mukamukhazika patsogolo panu n'kufunsa kuti "chikukuvuta n'chiyani?", yankho lake ndi "palibe", maso ali pansi. Koma manja akatanganidwa, maso ali papepala, inu muli pambali pake pamphasa, pakamwa pamamasuka pokha. Choncho musamupatse chekeni n'kupita kukathyola tiyi kapena kudimba. Khalani naye, ngakhale mphindi 15 nsima isanapse, inunso mutenge pepala lanu muzipaka. Akamaliza munene kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Musafunse kuti "chifukwa chiyani wapaka chakuda?" chifukwa amva ngati walakwa. Musamukonze kuti phiri silikhala lofiira, si mayeso awa. Akakhala chete, musiyeni, mawa lilipo.

Tsiku lina adzajambula madzi, nyumba yogwa, kapena amayi ake. Pamenepo musalande pepala, ndipo musasinthe nkhani. Ambirife timawauza ana kuti "amayi ako anapita kutali", poganiza kuti tikuwateteza, koma mwana amangodikira pakhomo. Muuzeni mofatsa kuti amayi ake anamwalira ndi madzi aja, sabweranso, ndipo iye sanalakwe chilichonse. Mawu otsirizawa musawadumphe. Ana a msinkhu umenewu amakonda kudziimba mlandu mumtima, kuti mwina zinachitika chifukwa tsiku lina anakana kutumidwa. Misozi yanu ikatuluka, ilekeni ituluke, aone kuti kulira si chamanyazi. Amalume ake ndi agogo muwauziretu kuti nonse muzinena chimodzi.

Mumupemphenso kuti ajambule zina: chitenje chimene amayi ake ankakonda, ndiwo zimene ankamuphikira, anthu amene akumusamala panopa, komwe banja lingathawire mvula ikachuluka. Chomalizachi chimathandiza kwambiri Novembala akamayandikira, chifukwa mantha amachepa mwana akadziwa kuti akuluakulu anakonzeka. Zithunzizo muzisunga mu jumbo, osayatsira moto iye akuona.

Chekeni chikatha musadandaule ndi mtengo wake. Makala alipo, kuseri kwa kalendala yakale kulipo, katoni ya sopo, dothi la katondo losungunula m'madzi, ngakhale dongo loumbira ng'ombe.

Pa zokodza pogona, chonde musamukwapule kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Mupite naye kuchipatala akamuyeze mkodzo, popeza likodzo ndi matenda ena a m'chikhodzodzo amachititsanso zimenezi. Ndipo ngati padutsa masabata angapo akukana kudya, akudzidzimuka usiku uliwonse, wasiya kusewera ndi anzake, kapena wayamba kunena kuti akufuna kutsatira amayi ake, chekeni chokha sichikwanira. Auzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena a ofesi ya Social Welfare pa boma la Mulanje. Mukhozanso kuimba 116, nambala yothandiza ana ya Tithandizane yomwe amayendetsa a bungwe la YONECO. Kuimbako n'kwaulere, sikufuna mayunitsi.